Mawu a NyaMhango

Pa Katowo, kuseri kwa chigayo, pali kashedi ka malata anayi komwe a Hezron Chirambo amakonzerako njinga. Akhala pamenepo zaka zoposa makumi atatu. Ndi bambo wamtali, wowonda, wa manja okhakhala amene girisi wake sachoka ngakhale atasamba ndi sopo wa mtundu wanji. Ukawapatsa wilo lopindika, amaliika pa foloko yakale ya njinga imene anaikhomera pa chitsa, n'kulizunguza, n'kupendeketsa mutu ngati akumvera nkhani. Kenaka amamanga sipoko iyi, kumasula iyo, mpaka wilo liwongoke.

Kale munthu ankatha kukhala pa shedipo ola lathunthu n'kumva mawu awo atatu okha: moni, "yatha", ndi "muyende bwino". Kusayankhulayankhula anabadwa nako. Anthu ankaseka kuti pa banja la a Chirambo Mulungu anapereka pakamwa pamodzi pokha, ndipo anapatsa mkazi.

Mkaziyo ndi Isabella, koma dzinali amalidziwa ndi ochepa, aliyense amangoti NyaMhango. Anali mayi wa nkhani. Ankagulitsa mandasi ndi tomato pafupi ndi siteji, ndipo wobwera kudzagula tomato wa ndiwo imodzi ankachoka atadziwa amene wabereka, amene njovu zamudyera chimanga cha ku Kazuni, ndi amene akufunsira mwana wa yani. Ku tchalitchi ndiwo ankayambitsa nyimbo pakati pa amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo. Madzulo a Chirambo akaweruka ankakhala pa khonde, mkazi wawo n'kumawayalira za tsiku lonse, iwo n'kumangoti "Eya" apo ndi apo. Moyo umenewo ankaukonda ndipo sankafuna wina.

Chakudza sichiyimba ng'oma. M'mawa wina mu June, chaka cha 2015, kukuzizira monga kumachitira mphepo ikamatsika ku Nyika, NyaMhango anali kukanda ufa wa mandasi. A Chirambo anali panja akupopa njinga. Anamva beseni likugwa. Polowa anapeza mkazi wawo atatsamira khoma, pakamwa patapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja lili lende. Maso ankaona bwinobwino, milomo inkagwedezeka, koma mawu osatuluka.

Anathamangira nawo ku chipatala cha ku boma pa pikiapu ina imene inkapita kukatula nyemba. Adokotala anati ndi sitiroko, yobwera ndi kuthamanga kwa magazi kumene mayiwo anakhala nako nthawi yaitali osadziwa. Anagonekedwa milungu itatu. Pobwerera kunyumba mwendo wamanja unkakhwekhwereza, dzanja lamanja linali litafa, ndipo pa mawu onse aja amene ankadzaza msika panatsala liwu limodzi lokha: yewo, ndiko kuti zikomo m'chiyankhulo cha kwawoko. Akafuna madzi, yewo. Akamva ululu, yewo. Ukawafunsa dzina lawo, yewo.

A Chirambo ndi mkulu wa mpingo, ndipo kupemphera sikunali kwachilendo kwa iwo. Koma tsopano pemphero lawo linakhala limodzi. M'mawa uliwonse asanapite ku shedi ankagwada pambali pa bedi n'kunena mokweza kuti mkazi wawo amve:

"Ambuye, za mwendo ndiwanyamula ndine. Za dzanja ndiwabwereka langa. Koma mawu ndilibe oti ndiwapatse, mukundidziwa ndinu. Muwabwezere mawu."

Mumtima anali ataika tsiku. Ankati pofika Khirisimasi NyaMhango adzakhala akuyankhula. Khirisimasi inafika n'kudutsa. Anasunthira tsikulo ku Pasaka, nayo inadutsa. Masiku ano akamakumbukira amadziseka okha, amati ankachita ngati aja amasiya njinga m'mawa n'kumabwera ola lililonse kudzasuzumira ngati yatha.

Ana ali nawo awiri. Thumbiko ndi mphunzitsi ku Karonga, ndipo ndiye amatumiza mankhwala mwezi ndi mwezi. Mtende anakwatiwa ku Nchenachena. Iyeyu anabwera kudzadwazika mayi ake n'kukhala miyezi inayi, koma naye anali ndi banja ndi munda womudikira. Nthawi yoti abwerere itayandikira, a Amock, akulu awo a a Chirambo, anabwera kudzakamba za m'tsogolo. Anakhala pa khonde, NyaMhango ali pa mphasa chapafupi atatsamira chipupa.

"Hezron, tiyeni tinene zoona," anatero a Amock. "Mwamuna sungathe kusambitsa munthu, kuphika, kutunga madzi, uku ukugwiranso ntchito. Njira zilipo ziwiri. Mlamu apite kwawo akamusamale abale ake, kapena upeze mayi wina azikuthandiza pakhomo pano. Mpingo udzamvetsa."

A Chirambo anapukuta manja ndi kansanza kamene sikachoka m'thumba mwawo.

"Akulu, pa ukwati wathu inu munalipo, ndipo munamva zimene ndinalonjeza," anayankha. "Chinanso, musayankhule ngati palibe munthu apa. Zonse mukunenazi akumva."

A Amock anacheuka. NyaMhango anali atawayang'anitsitsa osaphethira. Kenaka anakweza chibwano n'kunena pang'onopang'ono, liwu lakuthwa ngati lumo:

"Yewo."

A Amock anatola chipewa chawo, ndipo nkhaniyo sanaiyambenso mpaka lero.

Sabata yomaliza Mtende anaitha akuphunzitsa bambo ake ntchito za pakhomo. Anawaonetsa kaphikidwe ka nyemba, kamangidwe ka chitenje kuti chisamasuke, kamangidwe ka duku. Tsiku loyamba a Chirambo kuonekera pa mjigo ndi zigubu ziwiri pa kaliyala, amayi anabisa nkhope m'zitenje kuseka. Pakutha pa mwezi anali atawazolowera, n'kumawasiyira malo pa mzere. Amayi a Umanyano nawo anagawana masiku, kamodzi pa sabata awiri ankabwera kudzachapa ndi kuluka tsitsi la mnzawo.

Chimene chinawatengera nthawi a Chirambo ndi kuphunzira kumva. Poyamba yewo aliyense ankamveka chimodzimodzi, ndipo ankabweretsa madzi pamene mayi akufuna bulangete, mayiwo n'kumenya mphasa ndi dzanja lamanzere chifukwa cha kukwiya. Pang'ono ndi pang'ono khutu lija lozolowera kumvera mawilo linayamba kusiyanitsa. Panali yewo wamfupi wovomera ndi yewo wokoka wokana. Panali wofunsa, wokwera kumapeto, ndi wina wotsika amene ankatanthauza kuti ndisiyeni ndipume. Panalinso wina amene ankatuluka pakabwera mlendo wodzitama, ndipo a Chirambo akaumva ankayang'ana pansi kuti asaseke.

Nthawi yovuta kwambiri inabwera m'chaka chachiwiri, ndipo inabwera ndi tambala. Mkazi wa a Laws Kumwenda, oyandikana nawo nyumba, anadwala chibayo mpaka abale kuyamba kuitanizana. A Laws anapempha a Chirambo, monga mkulu wa mpingo, kuti akapemphere. Anapita, napemphera mwachidule monga mwa chizolowezi chawo. Sabata isanathe mayi uja anali akusesa pabwalo. Loweruka a Laws anafika atakolekera tambala wofiira m'khwapa.

"Pemphero lanu ndi lamphamvu chomene, adada," anatero. "Landirani aka."

A Chirambo analandira ndi manja awiri, nathokoza. Mlendo atachoka anamangirira tambalayo ku mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba, n'kukhala pa njerwa akumuyang'ana. Mumtima munali mowawa, ndipo anachita manyazi ndi kuwawako, pakuti mkazi wa a Laws anali munthu wabwino ndipo kuchira kwake kunali koyenera kukondwera nako. Komabe funso linkabwerabe. Wa eni ndamupempherera kamodzi, mwamva. Wanga ndamupempherera chaka ndi theka, kodi mawu anga amasochera kuti?

Kwa milungu itatu ankagwada m'mawa pambali pa bedi koma osanena kanthu. Ankangogwada, maondo n'kuyamba kupweteka, n'kudzuka kupita ku shedi. NyaMhango ankaona. M'mawa wina, amuna awo akuti adzuke, anawagwira kolala ya shati ndi dzanja lamanzere n'kuwakokera pansi. Analoza kumwamba, naloza pakamwa pa a Chirambo.

"Yewo?" anafunsa.

A Chirambo anagwadanso. Anafunafuna mawu, ndipo amene anapeza anali ochepa.

"Ambuye, ndabweranso. Nkhani ndi yomwe ija."

Kuyambira tsiku limenelo analeka kuika masiku. Anthu ankabwerabe ndi malangizo, uyu za mneneri wa ku Mzuzu, uyo za sing'anga wa kutsidya kwa malire. A Chirambo ankamvetsera mwaulemu, n'kuthokoza, n'kupitiriza kupereka mankhwala a ku chipatala ndi kugwada m'mawa.

Chimene chinkawadetsa nkhawa n'chakuti mayi amene anazolowera anthu ankatha tsiku lonse akuyang'ana nkhuku pabwalo. Choncho anasonkhanitsa mawilo awiri a njinga, kawilo ka wilibala yakutha, mapaipi ndi mpando wa thabwa, n'kupita nazo kwa wowotcherera. Patatha masiku asanu panatuluka chikuku chooneka moseketsa koma cholimba, chokhala ndi buleki ndi belu lomwe. M'mawa uliwonse ankakweza NyaMhango n'kuwakankha mpaka ku shedi, n'kuwaimika pa mthunzi poyang'ana msewu.

Apa zinthu zinatembenuka. Anthu aja amene kale ankadzamva nkhani kwa NyaMhango anayamba kubweretsa nkhani kwa iwo. Mayi wochokera ku chigayo ankatula thumba lake n'kukhala pa benchi, nafotokoza za ukwati umene wasokonekera, NyaMhango n'kumayankha ndi maso, ndi nsidze, ndi yewo wa mitundumitundu. Pamene mlendo sanamve, ankatembenukira kwa a Chirambo.

"Akuti chani, adada?"

"Akuti mnyamatayo anamuona kale kuti ndi wabodza," ankamasulira a Chirambo, maso ali pa tcheni.

Motero munthu amene anatha zaka makumi asanu akusunga mawu anakakamizika kuyamba kuwatulutsa. Ngakhale pa khonde madzulo, tsopano wofotokoza anali iwo. Sankadziwa kukometsera nkhani, ankaiyamba pakati n'kuiwala mathero, ndipo NyaMhango ankapukusa mutu ngati mphunzitsi amene wapatsidwa mwana wovuta.

Chikuku chomwecho chinawabwezera ku tchalitchi. Lamulungu lina m'chaka chachitatu, tsiku wamba lopanda mwambo uliwonse, amayi anayambitsa nyimbo ina yakale imene NyaMhango ankaikonda. A Chirambo anali kutsogolo pa benchi ya akulu a mpingo. Pakati pa mawu a anthu onse anamva liwu limene akanalizindikira ngakhale pa msika wodzaza. Anacheuka. NyaMhango anali kuyimba, maso ali chitsinzinire, ndipo sikunali kung'ung'udza chabe. Mawu a nyimboyo ankatuluka athunthu, limodzi ndi limodzi, ndime yonse yoyamba. Amayi oyandikana nawo analeka kuyimba, ena anayamba kulira. A Chirambo anagwira benchi ndi manja onse awiri.

Mapemphero atatha anthu anaunjikana panja akuti Mulungu wayankha. A Chirambo anapyola pakati pawo n'kugwada pambali pa chikuku.

"A NyaMhango, nditchuleni. Ine ndine yani?"

Milomo ya mayiwo inagwedezeka, thukuta linatuluka pa mphumi.

"Yewo," anatero NyaMhango, ndipo misozi inatsika.

A Chirambo anawapukuta ndi mpango, nadzuka, nakankha chikuku kubwerera kunyumba. Njira yonse sanalize belu.

Amene anawamasulira za tsikulo ndi Diana, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Ntcheu, yemwe ankabwera kudzayeza kuthamanga kwa magazi a mayiwo.

"Zimachitika zimenezo, bambo," anatero Diana akupinda chingwe cha makina ake. "Ku maphunziro anatiuza kuti nyimbo ndi kuyankhula zimadutsa njira zosiyana m'mutu. Njira imodzi inatsekeka, koma inayo ilipo. Muziyimba nawo. Mawu a tsiku ndi tsiku omwewa muziwaika m'nyimbo, mwina ena adzawolokera."

Vuto linali lakuti a Chirambo sadziwa kuyimba. Liwu lawo limamveka ngati chitseko cha dzimbiri, ndipo ali mnyamata anawapempha mwaulemu kuti achoke m'kwaya. Komabe anayamba. Ankatenga chuni cha nyimbo ya ku tchalitchi n'kuikamo zoti kodi mufuna tiyi, kodi tipite ku shedi, taonani mbuzi yalowa m'dimba. Tsiku loyamba NyaMhango anaseka mpaka kutsokomola. Ana a a Laws ankabisala kuseri kwa mpanda kumvetsera. Miyezi inapita popanda chooneka, koma nyumba ija imene inali itakhala zii inayamba kumveka phokoso.

Tsiku lina masana akudya nyemba, NyaMhango anaika supuni pansi, nakwinya nkhope.

"Mchere."

A Chirambo anaima ndi chakudya m'kamwa.

"Mwati chani?"

"Mchere," anabwereza NyaMhango, akuloza mbale n'kupukusa mutu.

Zaka zitatu zathunthu mayiwo anakhala akudya ndiwo zowawa mchere, opanda njira yodandaulira. Diana anali atanenapo kangapo kuti mchere uchepe, ndipo a Chirambo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti anauchepetsa. Anaseka mpaka misozi, kenaka anapita kuseri kwa nyumba n'kukalira zenizeni. Pobwera anathira madzi m'nyembazo.

Mawu ena anatsatira, koma mwa apo ndi apo, mwina limodzi pa chaka. Linabwera "yayi", ndiko kuti ayi, limene NyaMhango amaligwiritsa ntchito mosaumira. Linabwera "maji", ndiko kuti madzi. Anabwera maina a ana, Mtende poyamba, Thumbiko pambuyo pake. Onse pamodzi sakwana khumi ndi awiri, ndipo ena amabwera lero n'kusowa mwezi wathunthu. Dzina la amuna awo silinatulukebe. Nkhani zija za pa khonde sizinabwerere.

Mu February chaka chatha Mtende anatumiza uthenga kuti mwana wake wachitatu, wamkazi, abatizidwa, ndipo akufuna agogo ake adzakhalepo. NyaMhango anali asanayende ulendo wautali chidwalireni, koma atafunsidwa anavomera mwamphamvu. Anagona ku boma kwa msuweni wawo, ndipo Lamulungu m'mamawa anakwera pikiapu ya ku Nchenachena, mayi kutsogolo, chikuku chitamangidwa pamwamba pa matumba a feteleza.

Mvula inali itagwa usiku wonse. Atasiya msewu waukulu n'kuyamba kukwera, galimoto inatsetsereka, mawilo akumbuyo n'kulowa m'matope mpaka theka. Amuna anakankha, anaika miyala ndi nthambi, osatheka. Dalaivala anapita wapansi kukafuna anthu a makasu. A Chirambo anatsitsa chikuku, nakhazika mkazi wawo pa khonde la kagolosale kena kotseka, nayamba kuwasendera nthochi.

Pa khondepo panakhalanso mayi wina wachitsikana wa m'galimoto momwemo, dzina lake Ida, amene ankapita kwa apongozi ake. Anayang'ana kwa nthawi mmene bamboyo ankadulira nthochi tizidutswa, kenaka anafunsa za matendawo, ndipo a Chirambo anafotokoza.

"Papita zaka zingati?" anafunsa Ida.

"Mu June zikwana zisanu ndi zinayi."

"Ndiye mumapempherabe kuti adzayankhule?"

"M'mawa uliwonse."

Ida anayang'ana zala zake. Ananena motsitsa kuti iye wakhala pa banja zaka zisanu ndi chimodzi opanda mwana, kuti wasala kudya, wapita ku misonkhano, ndipo tsopano akagwada amangomva ngati akuyankhula ndi denga. Ulendo uwu wa kwa apongozi unkamulemera chifukwa ankadziwa funso limene likumudikira.

"Inu simutopa, adada?"

"Ndimatopa," anayankha a Chirambo. "Ndikatopa ndimangogwada osanena kanthu. Amadziwa chimene ndabwerera."

"Nanga akapanda kuyankha mpaka kalekale?"

A Chirambo anapereka chidutswa china kwa mkazi wawo asanayankhe.

"Mwana wanga, ndikati ndikudziwa zimene Mulungu akuchita ndikunamiza. Sindidziwa chifukwa chake wina amachira sabata imodzi, wina ayi. Chimene ndaona ndi maso angawa n'chakuti zaka zonsezi sitinagone ndi njala, sitinasowe munthu pakhomo, ndipo taseka kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Chimene ndinapemphacho sanandipatsebe, ndipo sindinasiye kuchifuna. Mawuwo adzabwera, kuno kapena uko tikupitako. Mayi awa ali ndi nkhani za zaka zisanu ndi zinayi zoti andiuze. Tsiku limenelo ine sindidzapeza mpata ngakhale wotsokomola."

NyaMhango anaseka, nawamenya pa bondo. Kenaka anatambasula dzanja lamanzere n'kugwira dzanja la Ida, osalisiya kwa nthawi yaitali. Ida anasendera pafupi, ndipo nthochi yotsatira anasenda ndiye.

Galimoto inatuluka m'matope dzuwa litapendeka. Pofika ku Nchenachena ubatizo unali utatha kalekale, anthu atadya, ena atayamba kubalalika. Mtende anathamanga chopanda nsapato kudzawachingamira ku msewu, akupepesa ngati mvula anagwetsa ndiye. A Chirambo anati palibe chodandaulitsa, mwana wabatizidwa ndipo iwo afika amoyo. Anakankha chikuku kukwera kamtunda ka kunyumba, mkamwini wawo akukoka kutsogolo.

Khandalo analiika pa miyendo ya agogo ake, Mtende atalichirikiza mbali ya dzanja lakufa. Linali lonenepa, la tsitsi lambiri, ndipo linagwira chala cha NyaMhango n'kuyamba kuchiyamwa. Abusa atamva kuti agogo afika mochedwa anabwera kunyumba komweko mdima usanagwe, napemphera nawo pabwalo.

Anakhala ku Nchenachena masiku anayi kudikira kuti msewu uume. A Chirambo anathandiza mkamwini kupalira khofi, NyaMhango ankakhala pa khonde ndi mdzukulu wawo kuyang'ana mitambo ikutsika m'mapiri. Lachinayi anabwerera ku Katowo ndi mkoko wa nthochi ndi nkhuku ziwiri m'dengu.